Uphungu umene ndinalandira kuno ku UK ndi mafomu awo oyezera maganizo, mmene ndinazionera ine

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kodi kumene umapita Lachitatu lililonse kuja kunali kotani, zinathandiza kapena kunali kungotha ndalama ya basi. Ndakhala ndikuyankha mwachidule chifukwa nkhani yake ndi yaitali komanso penapake ndi yowawa, nde lero poti ndili pa ofu ndati ndikhale pansi ndilembe zonse kamodzi. Ndi kabungwe kakang'ono kothandiza anthu ochokera maiko ena, kali mtauni ina kuno ku Yorkshire, amapereka uphungu waulere kwa munthu amene maganizo amupanikiza. Dzina lake sinditchula chifukwa pali zina ndidandaule ndipo sindikufuna zigwere anthu amene anandigwira dzanja nthawi imene ndinali pansi. Zikanakhala zopereka nyenyezi ndikanawapatsa zinayi pa zisanu, ndipo imodzi yotsalayo ndi imene ndikufuna ndifotokoze bwinobwino chifukwa ikukhudza tonse amene tinasiya kwathu.

Ine ndinabwera kuno mu Meyi 2024 pa viza ya Health and Care Worker. Kumudzi ndinali mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza zaka 11, ana amanditchula madamu, olo ku msika anthu akuluakulu amandipatsa moni wa manja awiri. Pamene mapepala anga amatuluka lamulo linali litasintha kale, kuyambira pa 11 Malichi 2024 munthu wobwera kudzagwira ntchito ya care, yosamala okalamba ndi odwala, saloledwanso kubweretsa ana kapena mwamuna wake, nde ana anga awiri anatsala ndi amayi. Miyezi yoyamba sindiname zinali bwino ndithu, dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, malipiro oyamba nditatumiza pa Mukuru amayi anaimba foni akuchita kulira ndi chimwemwe, mukudziwa kuti kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 nde paundi imaoneka ngati chimtolo cha ndalama. Ndinkadziuza kuti ndapirira zambiri pa moyo wanga, izi sizingandigonjetse.

Zinayamba pang'onopang'ono ndipo zinayambira pa moni. Tsiku lina mkulu wina wa kuntchito anandidutsa pa kolido nkunena kuti "You alright, love?" ine ndinaima, ndinatembenuka kuti ndimuyankhe bwinobwino kenako ndimufunse za kunyumba kwake mmene tinaleredwera, koma pamene ndimatsegula pakamwa nkuti atakhota kale pa kona. Sanalakwitse kanthu, ndi mmene amapatsirana moni kuno. Koma ine ndinatsala nditaima ndi yankho langa mkamwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuzindikira kuti sabata yathunthu imatha popanda munthu wondifunsa kuti mwadzuka bwanji nkuima kudikira kuti ndiyankhe. Kumapeto kwa Okutobala anabweza mawotchi ndi ola limodzi, pofika Disembala kunja kumada 4 koloko isanakwane, umalowa shifiti kuli mdima kutuluka kuli mdima, kuzizira kwake kwa ku Dedza mu Juni kumachepa.

Mu Januwale 2025 abambo anga anamwalira. Foni inali mu loka, ndinaipeza nthawi ya buleki ili ndi ma misidi kolo 23. Tikiti yogula lero kunyamuka mawa sindikanaikwanitsa, ndalama zonse zimene ndinali nazo ndinatumiza za bokosi ndi ufa wa pa maliro. Tsiku loika ndinali pa ntchito, mchimwene wanga anandiimbira vidiyo pa WhatsApp ali kumanda, ine ndinakadzitsekera mu kachipinda kosungira matawulo, netiweki ikungodukaduka, chithunzi chimaima pa khasu la mdzukulu lili mmwamba kwinaku nyimbo ya amayi a Mvano ikumveka zidutswazidutswa. Foni itaduka komaliza ndinasamba kumaso nkupita kukadyetsa agogo ena phala. Sindinagone pa siwa, sindinakhale pa mphasa ndi amayi, palibe anabwera kudzandikhuza kupatula anzanga awiri a ku mpingo amene anafika Lamlungu lake ndi envulopu ya chipepeso, Mulungu awadalitse anthu amene aja.

Kuchokera pamenepo thupi linayamba kukana. Mutu kutentha pa liwombo, mtima kugunda ngati ndathamanga chonsecho ndangokhala pa bedi, pa chifuwa ngati andisanjikiza thumba la chimanga, tulo ayi. Ine ndinati ndi BP basi, kwathu timayamba taganiza BP. Ndinapita kwa GP, dokotala amene umayambira kuonana naye kuno, anayeza nkupeza kuti BP ili bwino, magazi anangoonetsa kuti vitamini D ndi wochepa, zimene zimachitikira ambiri a khungu lakuda kuno chifukwa cha kusowa kwa dzuwa, mpake a NHS, a zaumoyo a boma kuno, amalangiza kuti tizimwa mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse. Kenako dokotala uja anandifunsa kuti kunyumba zikuyenda bwanji, nde ndinangoyamba kulira osatha kuyankhula. Anandiuza njira ziwiri, kulembetsa ndekha ku uphungu wa maganizo wa boma wotchedwa NHS Talking Therapies, kumene munthu wa ku England amatha kudzilembetsa yekha pa intaneti osadzera kwa dokotala, kapena kupita ku kabungwe aka. Ndinasankha kabungweka chifukwa kanali pafupi komanso anati ndidzaonana ndi munthu maso ndi maso.

Kunena chilungamo ndinatenga masiku ndisanaimbe. Kwathu ukangomva za matenda a maganizo zimene zimabwera mmutu ndi ku Zomba Mental kapena ku St John of God, ndi mawu oti misala, ndipo palibe amafuna kuti mbiri ipite kumudzi yoti mwana wa uje anapita kunja wakazungulira mutu. Mantha ena anali a viza. Tonse tikudziwa kuti viza yathu ndi yomangirira kwa olemba ntchito, ntchito ikatha amakupatsa masiku 60 kuti upeze sponsa wina, nde ndinkaopa kuti abwana akamva kuti ndikudwala maganizo andichotsa pa rota. Pa ichi ndiwayamikire, foni yoyamba yomweyo mayi amene anayankha anandiuza momveka bwino kuti zimene ndinganene sizipita kuntchito kwanga, pokhapokha ataona kuti moyo wanga kapena wa munthu wina uli pa ngozi ndi pamene amauza achipatala, ndipo olo pamenepo amayamba akuuza kaye iweyo. Anabwereza kawiri pang'onopang'ono. Usiku umenewo ndinagona maola anayi otsatizana koyamba chichitikire maliro.

Chodandaula changa choyamba ndi kudikira. Kuchokera tsiku limene ndinaimba kufika tsiku loonana ndi mlangizi panadutsa masabata 7, ndipo kwa munthu amene sakugona masabata 7 ndi ambiri abale. Amanditumizira meseji sabata iliyonse yondikumbutsa kuti zikafika povuta ndiimbe 111, nambala ya a NHS, kapena a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu ovutika maganizo, pa 116 123, zinali bwino kuti amakumbukira, koma meseji siyankha. Chachiwiri ndi nthawi, amatsegula mkati mwa sabata masana okha, ife rota imatuluka mochedwa komanso imasinthasintha, ndinachita kupempha mnzanga wa ku Zimbabwe kuti tizisinthana Lachitatu, ndikanapanda iyeyo bwenzi nditasiyira panjira.

Tsopano za mafomu, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ndisanaonane ndi mlangizi anandiimbira foni ya mphindi pafupifupi 40 kuti ayeze kaye mmene ndilili. Ine ndimayembekeza kuti andifunsa kuti chachitika nchani. Mmalo mwake anayamba kuwerenga mafunso, amati fomu yoyamba ndi PHQ-9, ili ndi mafunso 9 ofunsa za masabata awiri apitawa, ndipo funso lililonse uyankhe chimodzi mwa zinayi, sizinachitike olo tsiku limodzi ndi 0, masiku angapo ndi 1, masiku opitirira theka ndi 2, pafupifupi tsiku lililonse ndi 3. Akaphatikiza malikisi amayambira 0 kulekeza 27, kuyambira 5 amati kukhumudwa kwapang'ono, 10 kwapakatikati, 15 kwakukulirapo, 20 kupita mtsogolo ndi koopsa. Yachiwiri ndi GAD-7 ya nkhawa, mafunso 7, malikisi kulekeza 21. Ine monga mphunzitsi ndinamvetsa msanga kawerengedwe kake, ndinapeza 17 pa yoyamba ndi 14 pa yachiwiri. Mafomu awiriwa anapangidwa ku America, PHQ-9 inatuluka mu 2001, GAD-7 mu 2006, ndipo ndi omwewa amagwiritsa ntchito ku NHS Talking Therapies nthawi iliyonse ukapita.

Sindikunena kuti mafomuwa ndi achabe ayi. Kumva nambala 17 kunandithandiza mwa njira imene sindimayembekeza, kunandiuza kuti chimene ndikumvachi chili ndi dzina, chimayezeka, anthu ena anachimvapo mpaka wina anakhala pansi nkupanga sikelo yake, si ufiti, si kuchepa kwa chikhulupiriro, si ulesi. Ndipo funso la nambala 9, lofunsa ngati wakhala ukuganiza kuti bola kungofa kapena kudzivulaza, palibe munthu wa kwathu akanalimba mtima kundifunsa, olo amayi anga, olo abusa. Fomu inafunsa mosazungulira ndipo ndinayankha zoona, ndinati masiku angapo. Mayi amene amandifunsa pa foniyo anasiya kuwerenga, mawu ake anasintha, tinakambirana za ichocho chokha mphindi khumi. Pa funso limeneli lokha fomuyi ndimaipatsa ulemu.

Koma mafunso ena amandipeza pena pamene iwo samaganizira. Funso la tulo, ndimagwira ma naiti atatu pa sabata, kodi kusagona kwanga ndi kwa shifiti kapena kwa maliro, nambala yake ndi 3 yomweyo. Funso la chakudya, ndinati sindikudya, koma zoona zake zinali zoti sangweji yozizira ya mu fuliji imandikanika kumeza pamene tsiku limene mnzanga anabwera ndi usipa wochokera kumudzi ndinamaliza mitanda itatu ya nsima. Funso lina limafunsa ngati ukuvutika kuika maganizo pa zinthu monga kuwerenga nyuzi kapena kuonera TV, ine nyuzi ya kuno sindinagulepo, nthabwala za pa TV anzanga amaseka ine osadziwa chasekesa nchani. Ndipo mutu wotentha uja, mtima wogunda uja, thumba la chimanga la pa chifuwa, zimene zinanditengera kwa dokotala poyamba, pa PHQ-9 palibe pozilemba. Funso limene linandilasa ndi la nambala 6, lofunsa ngati ukudziona wolephera kapena kuti wakhumudwitsa banja lako. Pamenepo ndinakhala chete mpaka anafunsa ngati foni yaduka. Ndingayankhe bwanji ndi 0, 1, 2, 3 kuti mwana woyamba kubadwa sanaponye dothi mmanda a bambo ake?

Anandifunsanso ngati ndikufuna womasulira. Ndinayesa kamodzi, anapeza bambo wina wa ku Zambia pa foni wolankhula Chinyanja, munthu waulemu kwambiri ndipo timamvana ndithu, koma ndinapezeka ndikubisa mawu, chifukwa ife kuno ndife ochepa, wina amadziwa wina, ndipo zina sungaziulule kwa bambo wa msinkhu wa malume ako. Komanso nditanena kuti ndikupukwa, anaima kaye kufunafuna mawu a Chingerezi, amene anapezawo anali opepuka, ngati mwana wa ku boding'i amene akufuna kupita ku holide. Kuyambira pamenepo ndinasankha kudzilankhulira ndekha Chingerezi changa chomwechi.

Mu Malichi ndinakumana ndi mlangizi wanga. Malo ake ndi chipinda chapamwamba pa shopu, masitepe opapatiza, mkati mipando iwiri, hita, ketulo, kabokosi ka matishu pa tebulo. Mayi wachikulire, wobadwira konkuno koma makolo ake anachokera ku Pakistan. Anandipatsa mafomu omwe aja pa kabolodi ndi bolopeni, ndinadzaza, anaphatikiza, kenako anatembenuza pepala lija chafufumimba nkundifunsa kuti, mayi anu akanakuonani lero akanati mukudwala chani? Ndinaganiza kaye nkuyankha mu Chichewa kuti akanati mwanawe ukuganiza kwambiri. Anandipempha ndibwereze, analemba mawu akewo mmene anawamvera, nkundiuza kuti ndimufotokozere kuganiza kwambiri kumayamba nthawi yanji, kumakhala pati mthupi, kwathu munthu woganiza kwambiri amamuthandiza bwanji. Ndinalankhula ola lathunthu. Nditafika pa za siwa ndi mphasa sanadabwe, anati bambo ake omwe atamwalira nyumba inadzaza masiku angapo, akudziwa chimene munthu amataya akalira yekha mu kachipinda ka matawulo. Nyenyezi zinayi zija zambiri ndi za mayi ameneyu.

Ndi iyeyo anandiuza kuti zimene ndikudutsamo anthu ophunzira akhala akuzifufuza kwa zaka zambiri. Anatchula Kalervo Oberg amene mu 1960 analemba za chimene amati culture shock, kudodometsedwa kumene munthu amakhala nako zizindikiro zonse zimene anazolowera zikachoka, moni, nthabwala, nthawi yoyenera kuseka, mmene umakanira chinthu mwaulemu. Anatchulanso John Berry wa ku Canada, amene anati wobwera mdziko lachilendo amagwera mnjira zinayi, kusunga zakwanu nkumalowanso mu zakuno, kutaya zakwanu nkutengeratu zakuno, kukakamira zakwanu zokha osafuna zakuno, kapena kutaya zonse ziwiri nkukhala pakati opanda kolowera. Atandifunsa kuti ndili pati ndinati pa yomalizayo, chifukwa kuntchito ndinali mlendo, ndipo kumudzi ndinali nditasanduka nambala ya foni yotumiza ndalama, ukaimba nkhani imathera pa fizi ndi fetereza, ndipo sungawauze kuti ndikuvutika poti iwo akuona kuti iwe ndi amene unapulumuka.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi cha dokotala wa maganizo wa ku Barcelona, Joseba Achotegui, amene anagwira ntchito ndi anthu osamukira ku Spain. Iyeyu anati munthu wosamuka dziko amalira maliro 7, a abale ndi okondedwa, a chilankhulo, a chikhalidwe, a nthaka ndi nyengo yake, a ulemu umene anali nawo, a gulu limene anali mmodzi wa iwo, ndi a chitetezo cha thupi lake. Mlangizi anandilembera asanu ndi awiriwo pa pepala nkunena kuti ndichonge amene andigwera. Ndinachonga onse kupatula limodzi. Pa ulemu ndinakhalitsa, chifukwa ndinali ndisanauzepo munthu kuti zimandipweteka kuti ine amene ndinaphunzitsa ana mazanamazana kuwerenga, lero mtsikana wa zaka 19 amandibwerezera malangizo mokweza mawu ngati sindikumva. Ntchito yosamala okalamba sindiinyoza, ndimawakonda agogo anga aja, koma chimene chinatayikacho chinatayika ndithu ndipo chimafunika kuchilira.

Ndinamufunsa kuti nanga ngati zonsezi zikudziwika, bwanji fomu imene ndimadzaza sabata iliyonse ilibe funso olo limodzi la kusowa kwathu, la kusalidwa, la chilankhulo. Anandiyankha mosabisa kuti mafomu oyeza zimenezo alipo, anatchula ina ya mafunso 36 imene Sandhu ndi Asrabadi anapanga mu 1994 ya ophunzira ochokera kunja, imene imafunsa za kupukwa kwanu, kusalidwa, kudedwa, mantha, ndi kudziimba mlandu kuti unasiya abale mmbuyo, koma iwo pa bungwe lawo amayenera kupereka manambala a PHQ-9 ndi GAD-7 kwa amene amawapatsa ndalama. Apa ndi pamene pachoka nyenyezi yanga imodzi. Bungwe limene ntchito yake yonse ndi anthu obwera likuyeza ndi sikelo imene siona ulendo umene munthuyo wayenda. Ndikumvetsa kuti manja awo ndi omangika, koma kuwonjezera pepala limodzi sikukanawonongetsa ndalama zambiri.

Nditafika kunyumba ndinayamba kuwerenga ndekha pa foni ndipo ndinapeza zimene zinandisangalatsa. A WHO ali ndi fomu yawo ya SRQ-20, mafunso 20 ongoyankha eya kapena ayi, ndipo imafunsa za mutu kupweteka, manja kunjenjemera, mmimba kusayenda bwino, kutopa msanga, ndendende mmene ife timafotokozera mavuto athu, ndipo inamasuliridwa kale mu Chichewa nkuyesedwa pa amayi kwathu ku Malawi. Ku Zimbabwe anapita patali, anapanga fomu yawoyawo ya mafunso 14 kuchokera pa mawu amene anthu olankhula Chishona amanena okha, ndipo mawu awo akuti kufungisisa, amene ndi kuganiza kwambiri kwathu komweku, analowa mpaka mu buku lalikulu la madokotala a maganizo a ku America la DSM-5 mu 2013. Komweko Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala nkumamvetsera anthu. Nditamuonetsa mnzanga wa ku Zimbabwe uja anati azakhali ake anakhalapo pa benchi yoteroyo. Nde si kuti zathu sizingayezeke, zimayezeka, bola wofunsayo ayambire pa mawu athu.

Sabata yachitatu mlangizi anandipatsa ntchito imene ndimaikonda mpaka lero. Anati poti ndinu mphunzitsi, lembani mayeso anuanu, mafunso amene mukanafuna kuti munthu azikufunsani. Ndinakhala pa basi ndikulemba kuseri kwa risiti. Sabata ino mwalankhula Chichewa ndi pakamwa, osati pa meseji, masiku angati? Mwadya nsima ndi munthu wina kangati? Pali amene wakufunsani mmene mwadzukira nkudikira yankho? Mwaimba foni kumudzi yosakamba za ndalama? Mwaseka mpaka kugwira pamimba? Mwaimba nyimbo mokweza? Sabata yoyamba pafupifupi onse yankho linali palibe. Tinayamba kumadzaza onse awiri, fomu yawo ndi yanga, ndipo zimene tinaona ndi zoti yanga ikakwera yawo imatsika sabata yotsatira. Zochita zimene timagwirizana zinali zazing'ono, kupita ku mapemphero a Amalawi mu tauni yoyandikana nafe olo kamodzi pa mwezi, kuphika Loweruka ndi mnzanga uja iye sadza ine nsima mu poto mmodzi, kuimbira amayi Lamlungu madzulo nkuyamba ndi kuwauza kuti lero tisakambe za ndalama, tandiuzeni za mbuzi ndi za mvula. Anandilimbikitsanso kuti ndilowe zakuno pang'ono, nde ndinayamba kukhala nawo pa tebulo nthawi ya tiyi kuntchito mmalo mobisala ndi foni, ndipo mkulu wa moni wothamanga uja ndi amene tsopano amandisungira mpando.

Zina zimene amapereka sizinandigwire. Panali mapepala a homuweki olemba ganizo loipa mbali ino, umboni wake mbali inayo, kwa ena mwina amathandiza koma ine ganizo langa loti ana anga akukula ine kulibe silinali lolakwika loti nkulikonza, linali loona. Nditamuuza sanakakamire, anangowachotsa. Za kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kugunda zinandithandiza, ndimachitabe pa basi. Koma chimene chinamasula thumba la pa chifuwa lija ndi tsiku limene anandifunsa kuti kodi maliro a abambo mungawalire bwanji kuno mwa chikwanu. Tinakonza Loweruka lina mu Epulo, anthu 9 mu chipinda changa chaching'onochi, tinasuntha bedi, azimayi tinavala zitenje nkukhala pansi, tinaimba nyimbo za maliro za mu buku la nyimbo la mpingo wathu, amayi ali pa foni kuchokera ku Dedza akuimba nawo mochedwerako pang'ono chifukwa cha netiweki. Ndinalira mokweza mmene ndimayenera kulirira mu Januwale. Aneba anga achizungu anagogoda kufunsa ngati zili bwino, titawafotokozera anabwerera nkubweranso ndi keke.

Maulendo onse anali 6 basi, ndiye malire awo, ndipo kwa ine anatha pamene ndimayamba kumasuka, ichinso ndi chodandaula ngakhale ndikudziwa kuti pa mzere pali ena ambiri akudikira masabata 7 awo. Tsiku lomaliza mu Meyi ndinapeza 8 pa PHQ-9 ndi 6 pa GAD-7, pa mapepala awo ndiye kuti ndachira. Ndipo zoona ndinali bwino, ndimagona, ndimadya, funso la nambala 9 linali pa 0 masabata anayi otsatizana. Koma sabata yomweyo mwana wanga wamkazi amakonzekera mayeso a sitandade 8 ndipo anandiimbira kuti amama masamu a mafulakishoni akundivuta, ine mphunzitsi ndikumufotokozera pa vidiyo yodukaduka ndili pa siteji ya basi mvula ikuwaza, nditadula foni ndinalira mpaka basi inandipitirira. Nditamuuza mlangizi anati izi fomu siidzazionetsa ndipo sizikutanthauza kuti mwabwerera mmbuyo, mayi amene ali kutali ndi mwana wake amalira.

Amene mukufunsa ngati mupite, ine ndikuti pitani, kaya ku kabungwe ngati aka kaya ku NHS Talking Therapies, ndi zaulere, ndipo lembetsani msanga musanafike pothera chifukwa pali kudikira. Mafomu aja yankhani zoona, makamaka funso lomaliza lija, musachite manyazi. Koma musalekere pa manambala, akamaliza kuphatikiza auzeni kuti pali zina zimene pepalali silinafunse, nenani za mutu wotentha, za maliro amene simunapite, za mwana amene munamusiya akuyamwa chala pano akuvala nsapato za saizi yanu, ndipo ngati mawu a Chingerezi akusowa nenani mu Chichewa momwemo kenako mufotokoze. Ngati mlangizi amene mwapatsidwa sakumvetsera pemphani wina. Azibambo inunso izi zikukukhudzani, ndikudziwa ena amene akungogwira ma dabulo shifiti kuti asakhale okha mchipinda.

Risiti ija ndinaikopera mu kope ndipo ndimadzazabe Lamlungu lililonse usiku. Sabata yathayi Chichewa cha pakamwa ndalankhula masiku 4, nsima ndi munthu wina kawiri, foni yosakamba za ndalama imodzi, amayi amandiuza kuti mbuzi yaikazi ija yaswa ana awiri. Kuseka mpaka kugwira pamimba sindinaseke. Ndikusunga ndalama ya tikiti kuti chiliza cha abambo chikamadzaikidwa ndidzakhalepo, mchimwene wanga ndamuuza kale kuti asayambe kugula simenti ndisanamuuze tsiku.